Ndere zosaoneka ndi maso nazonso zikufunika mayina

Akatswiri a zamoyo akalengeza kuti apeza mtundu watsopano wa diatom pa matanthwe a korali (tinyama ta m'madzi timene timamanga matanthwewo) m'nyanja zotentha, ambiri amafunsa phindu lake pomwe kuno tikulimbana ndi njala. Ine ndikuona kuti ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo ndikulakalaka itafikanso kuno ku Mulanje.

Diatom ndi ndere ya selo imodzi, yomwe munthu sangaione popanda maikulosikopu, chipangizo choonera tinthu ting'onoting'ono. Imadzimangira chigoba cha silika, chinthu chimene amapangira galasi, ndipo chigobacho chimakhala ndi mbali ziwiri zovundikirana ngati poto ndi chivundikiro chake. Asayansi amati pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni amene amapangidwa padziko chaka chilichonse amachokera ku ndere zimenezi.

Kutcha dzina mtundu watsopano si ntchito yamasewera. Wofufuza amapala utoto wa pa korali kapena pa udzu wa m'nyanja, amautsuka ndi asidi kuti patsale zigoba zokhazokha, kenako amayang'ana pa maikulosikopu yamphamvu n'kuwerenga timizere ndi timabowo ta chigobacho, mpaka atatsimikiza kuti sichikufanana ndi chilichonse chimene chinalembedwa kale. Akatero amapereka dzina la Chilatini ndi kusunga chitsanzo chake pamalo poti ena adzathe kuchiona. Changu chikufunika chifukwa korali akufa ndi kutentha kwa madzi, ndipo chamoyo chimene sichinalembedwe chikatha palibe amene angadziwe kuti chinaliko.

Amene munachapako pa mtsinje wa Likhubula mukudziwa utoto wabulauni umene umatereretsa miyala. Nthawi zambiri mu utoto wotero mumadzaza ma diatom. Ku South Africa amaona mitundu imene ili pa miyala kuti adziwe ngati madzi a mtsinje aipitsidwa, pakuti ina imakonda madzi oyera pomwe ina imachuluka feteleza ndi zonyansa zikalowamo. Njira imeneyi singatheke ngati mitunduyo ilibe mayina.

Namondwe Freddy wa mu 2023 anagumula phiri ndi kusintha mitsinje yathu, ndipo mitengo ikuthabe m'mphepete mwa Ruo ndi Thuchila. Tili ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo komanso malo osungira zitsanzo za zomera ku Zomba. Pempho langa ndi lakuti ophunzira athu apatsidwe zipangizo, apale miyala ya mitsinje ya m'phiri muno chilimwe ndi dzinja, alembe zimene apeza madziwo asanasinthe kwambiri.