Nthirakuwiri kwathu, mutengesi kuno

Ife Amalawi a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa, munthu wokusekerera pamaso koma akukudya kuseri timamutchabe nthirakuwiri kapena wachiphamaso. Ana athu obadwira muno mu Harare akapsa mtima amathamangira liwu la Chishona lija, mutengesi, kutanthauza wogulitsa anzake kwa adani, ndipo ine ndikalimva thupi limachita tsemwe.

Kwathu nthirakuwiri ndi nkhani ya pamudzi. Ndi uja amatola za apongozi n'kukathira kwa mkamwini, za mkamwini n'kukathira kwa apongozi, banja likapasuka iye n'kukhala woyamba kudzapepesa. Akafika pachitsime anthu amasintha nkhani. Zikanyanya ankhoswe kapena amfumu amamuitana, iye n'kuyankhapo mbali yake. Manyazi amamugwira, koma usiku amagona m'nyumba mwake.

Mutengesi ndi liwu la magazi. Pa nkhondo ya ufulu, dziko lino la Zimbabwe lisanadzilamulire mu 1980, munthu wolozedwa chala pa pungwe, msonkhano wa usiku wa omenyera ufulu ndi anthu akumudzi, ankatha kuphedwa usiku womwewo popanda bwalo lomufunsa. Linamvekanso mu 2008 pa chisankho chachibwereza cha pulezidenti. Ifenso linatikhudza. Mafamu a azungu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ankaonedwa ngati a mbali ya bwana. Anataya ntchito ndi pokhala pomwe, lamulo la unzika la 2001 n'kusiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo atsopano a 2013. Anthu amenewa sanagulitse munthu, ankangolima fodya kuti ana adye.

Komatu kwathu sindikukuyeretsa. Zaka 30 za Kamuzu, akazitape ali paliponse, zinatiphunzitsa kuwomba m'manja mtima uli kwina, ndipo khalidwelo tinawoloka nalo malire. Ndalama ikasowa m'bungwe la maliro, mnzathu wa Chishona amamufunsa msungichuma pomwepo, maso ndi maso. Ife timati “zikomo, palibe vuto”, miseche n'kuyambira pageti. Pamenepa eni dziko akutiposa, abale anga, ndipo zimandipweteka chifukwa ofedwa ndi amene amasowa bokosi.

Mwana wanga ndimamulimbikitsa kumuuza mnzake pamaso kuti wanama, ngakhale kumutcha nthirakuwiri ngati umboni ulipo. Koma mutengesi pakhomo panga ndinaletsa.