Munagula tikiti, simunagule munthu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinali pa kanjanji kena kakang'ono ku Wales, m'dziko la Britain, ka sitima zakale zoyendera malasha zija, ndipo bambo wina wamkulu bwinobwino anaima pa siteshoni n'kuyamba kulalatira mkulu wosonkha moto mu injini. Mlandu wake? Sitima yachedwa kunyamuka, komanso timwaye tagwera pa malaya ake oyera. Eti walipira ndalama zake, eti chidole chimenechi achichotse aikepo cha dizilo. Mkulu uja, imvi mbuu, ovololo ili bii, fosholo ili m'manja, anangopukuta thukuta ndi kansanza n'kupepesa. Apepesa chiyani? Alakwa chiyani?

Bambo inu, munagula tikiti, simunagule munthu.

Ambiri mwa anthu amene mumawaona pa njanji zoterezi salandira malipiro. Ndi anthu ongodzipereka. Ena anapuma pa ntchito, ena asiya tulo ta Loweruka, ena awononga tchuthi chawo kuti inu mukhale pa mpando muzisuzumira mapiri pa zenera. Ndiye munthu wakuchitirani ulere, inu mukumutukula mawu ngati wantchito wanu?

Mumadziwa kuti amadzuka nthawi yanji? Injini ya malasha siliza ndi kiyi. Kukali mdima munthu amakhala atafika kale, akukokolola phulusa la dzulo, akuyala nkhuni ndi nsanza zonyika mu mafuta, kenaka malasha pang'onopang'ono. Moto suthamangitsidwa, chifukwa boila, chithanki chowiritsira madzi a nthunzi, ikatentha mwadzidzidzi chitsulo chimapweteka n'kuyamba kudontha. Pamadutsa maola nthunzi isanakwane. Nthawi yonseyo wina ali chogwada, akuthira oilo pa mfundo iliyonse yoyenda, wina akupukuta mkuwa kuti uziwala pa zithunzi zanuzo. Sitima ikanyamuka, wosonkha moto uja diso limakhala pa kagalasi koonetsa madzi, chifukwa madzi akatsika mopyola muyezo m'boila, pamenepo pali ngozi yeniyeni. Dzanja likuponya malasha, diso lili pa madzi, khutu lili kwa dalaivala. Ndipo palibe amene amangofika n'kupatsidwa fosholo. Amayamba ndi kupukuta injini, zaka zimapita, amayesedwa mayeso, ndiye adzakhale wosonkha moto, ndiye patsogolo pake adzakhale dalaivala. Munthu ameneyo ndi amene munamuloza chala kumaso.

Za chidolezo ndiye zandiwawa kwambiri. Njanji kuchepa si ndiye kuti ndi yoseweretsa. Anaimanga yopapatiza dala kuti izitha kukhota m'mapiri pa mtengo wotsika, ikutsitsa miyala ya sileti yofolerera nyumba kuchokera ku migodi kupita ku gombe. Njanji ya Ffestiniog, yochoka ku Blaenau Ffestiniog kutsikira ku Porthmadog, inatsegulidwa mu 1836, ndipo injini yake yotchedwa Prince inapangidwa mu 1863. Ya Talyllyn, yoyambira ku Tywyn, m'lifupi mwake ndi mamilimita 686 okha, koma ma injini ake awiri oyambirira, Talyllyn ya 1864 ndi Dolgoch ya 1866, adakali pa njanji yomweyo mpaka lero. Agogo anu asanabadwe, zitsulo zimenezi zinali zikugwira kale ntchito. Inu n'kumati chidole!

Ndipo sizinapulumuke zokha. Mgodi wa sileti wa Bryn Eglwys, umene njanji ya Talyllyn inkadalira, utatsekedwa mu 1946, ndipo mwini njanji ya Talyllyn, Sir Henry Haydn Jones, atamwalira mu 1950, chimene chinatsala n'kuzula njanji n'kugulitsa ngati zitsulo zakutha. Anthu wamba anakana. Anakumana ku Birmingham, anasonkha ndalama, ndipo pa 14 May 1951 anayendetsa sitima yawo yoyamba, njanji yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka. Chaka chimenecho Dolgoch, itatopa kale, ndi imene inasenza pafupifupi ntchito yonse. Mkulu munamulalatira uja akupitiriza ntchito imene anthu oterewa anaiyamba. Akanati azilipidwa pa ola lililonse limene amathera mu utsi, tikiti yanuyo simukanaikwanitsa.

Mwaye wagwera pa malaya? Walira mvula walira matope. Munanyamuka kwanu nokha, palibe anakukokani, munafuna kumva likhweru ndi kuona nthunzi ikutuluka. Nanga mumayesa malasha akapsa amatulutsa mafuta onunkhira? Mukafuna liwiro ndi mipando yopanda fumbi, sitima zamakono zilipo, kakwereni zimenezo. Izi zimayenda pang'onopang'ono, zimaima kumwa madzi, zimadikirana pa mphambano chifukwa njanji ndi imodzi. Inzake ikachedwa, iyi idikire basi. Chachedwetsa chingakhale malasha osayaka bwino kapena njanji yoterera, zilibe kanthu. Si chifukwa chonyozera munthu.

Mwina n'chifukwa chakuti tazolowera kuti tikalipira aliyense atigwadire. Kaya.

Chimene ndikunena n'chakuti anthu amenewa akulimbana kale ndi zambiri popanda mwano wanu. Boila iliyonse imayenderedwa chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka pafupifupi khumi injini imaphwasulidwa kuti aione m'kati. Zipangizo zake sizigulitsidwa m'sitolo, amachita kusula okha, ku malo okonzera ma injini a Boston Lodge kapena Pendre, chimodzichimodzi. Malasha nawo avuta. Mgodi wa Ffos-y-fran pafupi ndi Merthyr Tydfil, umene njanji zambiri zinkadalira, unatsekedwa kumapeto kwa 2023, ndipo tsopano akuitanitsa malasha kunja kapena kuyesa oumba. Munthu akusenza zonsezi mwa chikondi chabe, ndiye wina abwere ndi malaya oyera kudzamuyalutsa pamaso pa ana? Tsiku limene mkulu uja adzanene kuti ndatopa n'kunyozedwa, adzaika fosholo pansi, ndipo ndalama zanu sizidzayatsa moto umenewo. Mudzaiona injiniyo itazizira m'nyumba yosungira zakale, ili ndi chingwe kutsogolo ndi chikwangwani choti osagwira.

Chinandipweteka china n'chakuti anthu onse pa siteshoni anangoti zii, ena ali kalikiliki kujambula mkanganowo pa foni.

Ndipo inu a mafoni ndili nanu mawu. Amene mumatsikira pa njanji kuti mudzijambule sitima ikubwera kumbuyo kwanu, mukuganiza kuti chifukwa ndi yaing'ono ndiye iima pomwepo? Ndi matani a chitsulo akukoka mabogi odzaza anthu. Dalaivala akuimba likhweru, mtima uli m'mwamba, inu mukukonza tsitsi. Ena mpaka kukweza mwana pa injini osapempha, pafupi ndi mapaipi a nthunzi. Mwanayo akapsa mudzaloza yani?