Chaka cholembedwa pa botolo la vinyo si chokongoletsera

Dzulo pa lesitilanti imene ndimagwirapo ntchito kuno ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, bambo wina anabweza botolo la vinyo wofiira wochokera ku famu ina ya banja, n'kunena mokweza kuti eni famuyo ayamba chinyengo chifukwa vinyoyo sakukoma ngati amene iwo anamwa chaka chatha. Vinyoyo analibe vuto lililonse, kungoti mphesa zake zinathyoledwa chaka china. Zimenezi zandikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu sangatchule anzake kuti ndi akuba pa nkhani imene iye mwini sanafune n'komwe kuimvetsa.

Vinyo wa pa famu ya banja sangafanane chaka ndi chaka, ndipo sayenera kufanana. Banja limene limafinya mphesa za m'munda mwake mokha limalandira chimene mvula ya m'nyengo yozizira, dzuwa la mu Januwale ndi Febuluwale komanso mphepo ya kum'mwera chakum'mawa zalipatsa. N'chifukwa chake chaka chimalembedwa pa botolo, ndipo lamulo la ku South Africa limafuna kuti magawo osachepera 85 pa 100 alionse a vinyoyo akhale ochokera ku mphesa za chaka chimenecho. Chaka cholembedwacho chikukuuzani poyera kuti musayembekezere kukoma kwa chaka chatha.

Taonani chilala chimene chinagwa kuno m'chigawo cha Western Cape kuyambira 2015 mpaka 2018, pamene mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kutseka mipopi ya madzi. Mu 2018 zokolola zinachepa kwambiri ndipo mphesa zinali zing'onozing'ono, koma mphesa yaing'ono imakhala ndi khungu lambiri poyerekeza ndi madzi ake, ndipo m'khungumo ndi mmene mumachokera kufiira ndi mphamvu ya vinyo. Kumbali ya mphesa, chaka cha 2015 chinali chabwino kwambiri moti vinyo wa chaka chimenecho wotchedwa Paul Sauer, wa famu ya Kanonkop, ya banja la a Krige, anapatsidwa mamalikisi 100 pa 100 ndi katswiri wolawa vinyo, Tim Atkin. Kodi banja limenelo likanalamula thambo kuti libwereze nyengo yomweyo chaka chotsatira? Ife amene tinakulira m'munda wa chimanga tikudziwa kuti munda womwewo, khasu lomwelo ndi mbewu yomweyo sizibereka mofanana zaka ziwiri.

Walira mvula walira matope. Ngati mukufuna vinyo wa pa famu ya banja, landiraninso kusinthasintha kwake. Ngati mukufuna wokoma chimodzimodzi nthawi zonse, gulani wa makampani akuluakulu amene amasakaniza vinyo wa m'madera osiyanasiyana kuti kusiyanako kusamveke, koma musanyoze anthu amene akukupatsani chimene munda wawo wabereka popanda kubisa. Mwina vuto ndi lakuti tinazolowera zakumwa za m'fakitale.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anthu omwewa amagula makatoni a vinyo pa famu, n'kuwasiya m'buti ya galimoto tsiku lonse pa dzuwa la mu Febuluwale, kenako n'kukaimika mabotolowo pafupi ndi chitofu kunyumba. Vinyo akatenthedwa chonchi amawonongeka ndithu, fungo la zipatso limatha. Akatsegula botolo n'kupeza kuti silikukoma, amathamangira pa Facebook kukaipitsa dzina la banja limene linasamalira vinyoyo m'migolo kwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Famu yalakwa chiyani pamenepo?