Phulusa pa Zovala Zochapa

Seputembala wangoyamba kumene, koma kuno ku Zomba tatopa kale ndi moto umene anthu akuyatsa m'tchire posaka mbewa. Dzulo mayi a kunyumba anachapa mayunifolomu a ana pokonzekera kutsegulira sukulu, ndipo pokaanula anapeza malaya oyera aja atathimbirira ndi phulusa louluka kuchokera kuphiri. Ufa umene tinayanika pamphasa nawonso unada, mwana wamng'ono watsokomola usiku wonse, ndipo agogo maso ali psuu ndi utsi. Kodi ndi mbewa zingati zimene zingabweze mitengo ikupsa m'mbali mwa Mulunguzi, mtsinje umene umatipatsa madzi akumwa? Nanga sopo tizigula kangati pamwezi? Madzulo ano ndaonanso malawi akukwera phiri, moti zovala tangoziyanika m'nyumba.