Musaiwale kutsikira kuno ku Chigwa cha Shire

Nkhani yanu ya malo okopa alendo m'Malawi yafotokoza bwino za nyanja ndi phiri la Mulanje, koma Chikwawa ndi Nsanje mwangozitchula pa za madzi osefukira basi. Zimenezi zandikhudza. Inde, namondwe Freddy anatizunza mu 2023, koma mlendo ali ndi zambiri zoti aone kuno.

Mukamatsika zikhotakhota za ku Thabwa kuchokera ku Blantyre, chigwa chonse chimaonekera pansi, Shire akuyenda mokhotakhota. Mukawoloka mlatho wa Kamuzu, Majete ali pafupi. Nkhalango imeneyi inatheratu nyama chifukwa cha alenje, koma kuyambira 2003 pomwe bungwe losamalira nkhalango la African Parks linayamba kuisamala, njovu, zipembere, mikango, akambuku ndi njati zinabwereramo. Mathithi a Kapichira ali komweko. Ku nkhalango ya Lengwe, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndiye kwawo kwa nyala, nyama za mtundu wa agwape, ndipo okonda mbalame akwere bwato ku dambo la Elephant Marsh.

Za nyengo ndinene mosabisa: kuno ndi kotsika kwambiri, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Bwerani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, misewu itauma. Neti ya udzudzu musaisiye.

Chomwe chandiwawa kwambiri n'choti simunatchule Khulubvi ku Nsanje, kachisi wa Mbona komwe Amang'anja akhala akupempha mvula kuyambira kalekale. Kumeneko salowako mwachisawawa, mumayamba mwapempha kwa akuluakulu osunga malowo. Mukadzabwera mudzamvereko valimba, chida choimbira cha Asena, mudzalawenso nsima ya mapira ndi mlamba wowamba.