Eli Harari ndi kakhadi kosunga zithunzi za amayi

M'kabati mwanga muli kamemory card kakang'ono ngati chikhadabo, kolembedwa kuti SanDisk, ndipo m'menemo muli zithunzi zomaliza za malemu amayi anga. Foni imene inajambula zithunzizo inafa kalekale koma kakhadiko kakugwirabe ntchito, n'chifukwa chake ndimaona kuti Eli Harari, amene anayambitsa kampaniyi, sapatsidwa ulemu womuyenera.

Harari anabadwira ku Tel Aviv mu 1945, anaphunzira sayansi ku Princeton ku America, kenako anagwira ntchito m'makampani a Hughes ndi Intel. Mu 1988, ali ndi zaka zoposa 40, msinkhu umene ambiri amaopa kusiya ntchito ya malipiro abwino, anagwirizana ndi Sanjay Mehrotra ndi Jack Yuan n'kutsegula kampani yotchedwa SunDisk, imene mu 1995 inasintha dzina kukhala SanDisk.

Ena amati sanatulukire chilichonse, popeza flash memory, imene ndi njira yosungira uthenga m'timakhadi timeneti, anaitulukira ndi Fujio Masuoka wa ku kampani ya Toshiba. Zimenezo n'zoona, koma ine sindikuona kuti zikuchepetsa ntchito yake. Vuto la flash linali lakuti timaselo tosunga uthenga timatha mphamvu tikalembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri, moti munthu wanzeru sakanaikamo chinthu chimene safuna kutaya. Harari anaumirira kuti pambali pa timaselo timeneti pakhale kachipangizo kena koyang'anira, kamene kamagawa ntchito mofanana kuti pasakhale malo otopa msanga, kamazindikira timaselo towonongeka n'kutilambalala, ndiponso kamakonza zolakwika mwini khadi asanadziwe n'komwe. Kwa ine luso lenileni linali pamenepo, chifukwa chinthu chosadalirika chinasanduka nkhokwe yoti munthu n'kugona tulo atasungamo chuma chake.

Chinanso chimene chimandigwira mtima ndi kupirira kwake pa nkhani ya mtengo. Mu 1991 anapangira kampani ya makompyuta ya IBM chosungira cha 20 MB chokha, chimene mtengo wake unali pafupifupi madola 1,000, ndipo masiku ano nyimbo zochepa chabe zingachidzaze. Panthawiyo ma hard disk, amene makompyuta ankasungiramo uthenga, anali otsika mtengo kwambiri, choncho panafunika mtima wolimba kukhulupirira kuti flash idzatsika chaka ndi chaka mpaka kufika m'thumba la munthu wamba. Kampani yake inatulutsa memory card yotchedwa CompactFlash mu 1994, ndipo mu 1999 inagwirizana ndi Toshiba ndi Panasonic pokhazikitsa SD card, m'malo mofuna kudya yokha.

Anapuma ntchito kumapeto kwa 2010, ndipo mu 2016 Western Digital inagula kampaniyo. Mnyamata amene amaikira anthu nyimbo m'makhadi pamsika wa kwathu sanamvepo dzina la Harari, komatu ndalama imene amagulira ufa madzulo imachokera m'timakhadi timeneti.