Anyamata a m'magalaji muno mu Zomba, samalani ndi maginito

Ana anga, ndakalamba ndi girisi m'zikhadabo, ndiye mundimvere. Sabata yatha ndinalowa m'galaji ina ku Chinamwali, ndinapeza mnyamata wasanjika mabering'i ndi mabawuti a chigayo pa maginito a sipika yakale, ati zisasowe. Ndinangogwira pakamwa.

Chitsulo cholimba chikakhudzana ndi maginito sichiiwala msanga. Mwachichotsapo inde, koma mphamvu ina yatsalira m'kati, ndipo chayamba kudzikokera fumbi lonse la girayinda. Mutsuke ndi parafini, tinyenyeswato timamatirirabe. Tikasakanikirana ndi girisi timapala bering'i ngati mwathiramo mchenga wa mu Likangala. Mwini chigayo akabwera akudandaula kuti bering'i yatentha, inu mumathamangira kunena kuti zida za masiku ano n'zabodza. Zabodza ziti? Mwaipha ndinu, isanalowe n'komwe pa shafiti.

Nanunso owotcherera musaseke. Makina a DC, a magetsi oyenda mbali imodzi yokha, amasiya maginito m'chitsulo. Mukaona moto wa ndodo yowotcherera ukuthawira kumbali, msoko ukutuluka timabowo, musatukwane ndodoyo, vuto ndi maginitowo. Sunthani chopanira cha waya wa earth, kapena wotchererani ndi AC, magetsi osinthasintha mbali.

Kuchotsa maginito si ufiti ayi. Pamafunika koyilo (waya wokulungidwa mozungulira) ya magetsi a AC, omwewa a ESCOM, amene amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi. Lowetsani chitsulo m'koyilo ili yoyaka, muchitulutse pang'onopang'ono mpaka chitalikire mita imodzi kapena kuposerapo, kenako muzimitse. Apa mpamene changu chimakupwetekani. Mumazimitsa chitsulo chikadali m'kati, n'kuchisiya ndi maginito omwe aja amene mumafuna kuchotsa. Magetsi akathima ntchito ili pakati, monga achitira kwathu kuno, akabwera muyambirenso.

Wina anandiuza monyada kuti iye amangowotcha pamoto. Zoona, chitsulo chikafika madigiri Celsius pafupifupi 770 maginito amatha, koma bering'i yopsa chotero yafewa, yasanduka ya ogula zitsulo zakutha.

Kumafakitale amayeza mphamvu ya maginito ndi chipangizo chotchedwa gauss meter, ndipo pa mabering'i ambiri salola kupitirira magauss 2 kapena 3. Inu mulibe chipangizocho, koma singano ndi ulusi muli nazo. Lendewetsani singano yopanda maginito pafupi ndi chitsulocho. Ikakokeka n'kumamatira, musamange chigayo cha mwini, bwererani ku koyilo. Ndipo maginito a sipikawo ndisawapezenso pa tebulo.